Chipinda cha alendo ku Leith, Edinburgh

Mu Ogasiti, nthawi ya chikondwerero cha zisudzo ndi zaluso cha Fringe, ndinagona kwa mayi wina ku Leith amene amachititsa lendi chipinda m'nyumba mwawo momwe. Nambala ya laisensi ya khonsolo inali pachilengezo pomwe. Ku Scotland, amene ankachita kale bizinesi imeneyi anayenera kufunsira chilolezo pofika 1 Okutobala 2023, ndipo mayiwa sanazembe. Alamu ya utsi inali kudenga, chikalata choti gasi anayezedwa anachimata pafupi ndi ketulo. Bedi loyera bwino, mtima wanga unakhala m'malo.

Mtengo wa chipindacho ndi wowawa ndithu. Komabe lamuloli ndikuliyamikira, chifukwa mafulati ambiri mumzindawu ankangosanduka malo ogona alendo, eni mzinda n'kumasowa pokhala. Ndidzafikiranso kwa mayi omwewa.