Ilala, boti la matabwa kapena boti la hayala: choyendera pakati pa madoko a nyanja ya Malawi

Munthu wa ku Blantyre amene akufuna kuyendera madoko a nyanja ya Malawi ali ndi njira zitatu: sitima ya Ilala, maboti a matabwa oyendera injini amene amanyamula anthu ndi katundu ngati matola, ndi boti lochita hayala. Ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo. Koma zimene zimagamula nkhaniyi ndi ziwiri: masiku amene muli nawo, ndi mphepo imene ikuomba m'mwezi umene mukuyenda.

Tiyambe ndi Ilala, poti njira zinazo timaziyeza ndi iyo. Inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, anailumikiza ku Monkey Bay ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ndi yotalika mamita pafupifupi 52. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, imafika ku Likoma Loweruka, ku Nkhata Bay usiku wa Loweruka lomwelo kapena mbandakucha wa Lamlungu, ku Chilumba Lamlungu madzulo, kenako imatembenuka n'kudzakocheza ku Monkey Bay Lachitatu. Kwa inu a ku Blantyre zikutanthauza kunyamuka Lachinayi. Kuchokera ku Limbe kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita pafupifupi 250, ndipo ngati mukuyenda pa minibasi muwerengere kusintha galimoto ku Mangochi ndi kudikira kuti idzaze. Kunyamuka Lachisanu m'mamawa n'kumayembekeza kuti sitima muipeza ndi kuika ulendo wonse pachiswe, chifukwa ikakusiyani ina ndi ya sabata yamawa. Ulendo wonse, kupita ndi kubwerera, umakudyerani sabata yathunthu kuchokera Lachinayi kufika Lachinayi linalo.

Ndondomekoyi muitenge ngati chongokutsogolerani. Masiku amasungidwa kawirikawiri, maola ayi, ndipo madoko ena a kummwera amalowa ndi kutuluka pa ndandanda. Sitimayi imakhalanso ndi nthawi zoima kuti ikonzedwe, ndipo zikatero mwina pamayenda ina yocheperako monga Chilembwe. Musanakwere basi imbani foni ku ofesi ya padoko la Monkey Bay kapena Nkhata Bay, mufunse ngati ikuyenda sabata imeneyo komanso ngati ikuima padoko limene mukufuna kutsikira.

Chimene chimachedwetsa Ilala kwambiri ndi kukweza ndi kutsitsa. Madoko akuluakulu ndi anayi: Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba. M'malo ang'onoang'ono monga Nkhotakota, Usisya ndi Ruarwe sitima imaponya nangula patali, n'kutsitsa maboti ake awiri amene amapachikidwa m'mbali. Mabotiwa ndi amene amapita ndi kubwerera kumtunda, ulendo ndi ulendo, atasenza anthu, matumba a chimanga, simenti, malata, njinga ndi madengu a usipa. Nyanja ikakhala yabata ntchitoyi imayenda msanga. Kukakhala mafunde boti limakwera n'kutsika pambali pa sitima, ndipo aliyense amayenera kudikira kuti funde lilikweze kufika pa makwerero asanaponde. Apa m'pamene ola limodzi limasanduka maola anayi.

Pokwera kapena kutsika m'malo oterewa dziwani kuti boti silifika pouma. Mudzalowa m'madzi ofika m'mawondo, nthawi zina m'chiuno, mwinanso usiku. Valani nkhwaira zomanga kuchidendene, chifukwa masilipasi amatsalira m'matope. Foni, ndalama ndi chiphaso zikhale m'jumbo ziwiri zomanga bwino, m'kachikwama kapachifuwa. Chikwama chachikulu chiperekeni kaye kwa amene ali m'boti kuti pa makwerero manja onse awiri akhale opanda kanthu. Mwana wamng'ono mberekeni ndi chitenje chomanga zolimba, ndipo tochi yovala kumutu imathandiza kuposa ya pa foni.

Mkati mwa sitimamo mulinso kusankha. Pansi, pa mtengo wotsikitsitsa, m'pamene pali anthu ambiri ndi katundu. N'pofunda, n'pothinana, fungo la nsomba zouma ndi la injini silichoka. Pa ulendo wa maola ochepa masana palibe vuto. Pamwamba penipeni, pa tikiti ya kalasi yoyamba, pali mpweya wabwino ndi malo oyala matiresi, koma usiku wa June ndi July mphepo ya panyanja imalowa m'mafupa, ndipo popanda bulangeti ndi juzi simugona. Zipinda zogona zilipo zochepa, ndiye zimafunika kusungitsa msanga. Ife tikuona kuti kwa munthu wathanzi woyenda usiku umodzi kapena uwiri pamwamba m'pokwana. Kwa agogo, mayi woyembekezera kapena banja la ana aang'ono loyenda ulendo wonse, ndalama ya chipinda siyotayika. Amene amachita mseru akhale chapakati pa sitima, pamene sipagwedezeka kwambiri, ndipo mankhwala oletsa kusanza amwe sitima isananyamuke, osati mseru utayamba kale.

Pali njira ina yogwiritsa ntchito Ilala yomweyo imene anthu a kummwera kuno saiganizira kawirikawiri: kupita pa basi mpaka ku Nkhata Bay, kudzera ku Mzuzu kapena pa msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja wodutsa ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, n'kukakwerera sitima kumeneko. Ngati cholinga chanu ndi kuona timadoko ting'onoting'ono, iyi ndiyo njira imene tingakulimbikitseni. Chigawo cha kummwera chili ndi maola ambiri a madzi okhaokha ndi usiku. Chigawo cha Nkhata Bay mpaka Chilumba sitima imachiyenda masana a Lamlungu, moyandikira mtunda, pamene mapiri amatsetserekera m'madzi momwemo: Usisya, Ruarwe, Tcharo, Mlowe. Ku Ruarwe anthu amadalira nyanja ndi njira za miyendo, ndiye tsiku la sitima ndi tsiku la msika. Ana amapalasa mabwato kuzungulira sitima, pagombe pamadzaza anthu odikira katundu ndi abale awo.

Mawerengedwe ake ndi awa. Mukatsika ku Ruarwe kapena ku Usisya Lamlungu, sitima imadutsanso Lolemba m'mawa pobwerera. Mukaiphonya pamenepo mwatsala ndi boti la matabwa kapena kudikira mpaka Lamlungu linalo. Lolemba usiku imachoka ku Nkhata Bay kupita ku Chizumulu ndi ku Likoma. Wotsika ku Likoma Lachiwiri amakhala ndi masiku anayi sitima isanabwerenso Loweruka. Wotsika Loweruka ali ndi masiku atatu. Onsewo ndi okwana kuona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene a mishoni ya Anglican anayamba kumanga mu 1903, ndi kuyenda pansi kudutsa pakati pa milambe ya pachilumbapo. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, choncho pasipoti siifunika pokhapokha ngati mukufuna kuwolokera ku Cobue kapena ku Metangula. Tengani ndalama zapamanja zokwanira. Mpamba ndi Airtel Money zimathandiza, koma netiweki m'timadoko ta kumpoto imabwera n'kupita.

Tsopano maboti a matabwa. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndi otsika mtengo, amayenda masiku amene Ilala kulibe, ndipo amakutsitsani pagombe la mudzi weniweniwo. Pakati pa midzi yoyandikana, boti likuyenda mphepete mwa mtunda, ndi njira yabwino ndithu. Vuto lake n'lakuti mwini boti amapeza phindu pa kuchuluka kwa katundu, ndiye boti silinyamuka lisanadzaze, ndipo kudzaza kwake nthawi zambiri kumapyola muyeso. Musanakwere imani kaye pagombe muyang'ane. Ngati kuchokera pa madzi kufika pa mlomo wa boti sipakukwana masentimita 30 pamene muli pabata, funde loyamba la kunja lidzalowa mkati. Onani ngati muli chigubu chodula chokapira madzi, komanso ngati wina akukapa kale boti lisananyamuke, chifukwa pamenepo ndiye kuti matabwa akudontha. Onani nkhafi ziwiri, nangula ndi chingwe chake. Majekete oyandamitsa muwaone ndi maso, muwawerenge, limodzi mulivale n'kumanga malamba. Jekete lopindidwa pansi pa matumba a ufa silipulumutsa munthu.

Chimene sitingavomereze ndi kudutsa nyanja pakati, monga kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, pa boti la matabwa la injini imodzi m'miyezi ya mwera. Ndi makilomita pafupifupi 70, ambiri mwa iwo opanda pothawira. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira May mpaka August, ndipo umatsata kutalika kwa nyanja, imene ndi makilomita oposa 550. Mafunde amakhala ndi mtunda wautali wokulira, moti amene akuoneka aang'ono ku Mangochi amafika kumpoto atakula, ndipo mphepoyi ikhoza kuomba masiku angapo osaleka. Injini ikazima boti limatembenukira cham'mbali kwa mafunde, ndipo boti lodzaza likatero silichedwa kumwa madzi. Nyanjayi inamizapo sitima yeniyeni: Vipya inamira mu July 1946 kufupi ndi Chilumba, anthu 145 anafa. Nyengo ya mvula ili ndi zake, mphepo ya mpoto ndi namondwe wobwera mwadzidzidzi masana. Miyezi ya September mpaka November nyanja imakhala yofatsirako, kungoti kumatentha. A nthambi yoona zanyengo amalengeza pa wailesi mwera ukamayembekezeka. Mverani, ndipo mukaona asodzi a pamalopo akokera mabwato awo kumtunda, inunso khalani pansi.

Boti la hayala, kaya la faiba kaya la matabwa, ndi lodula kuposa zonse, koma ndi lokhalo limene nthawi mumalamula ndinu. Limayenera gulu la anthu asanu kapena kuposerapo ogawana mtengo, pa maulendo afupiafupi: ku Cape Maclear kupita ku zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ku Senga Bay kupita ku zilumba za Maleri, kapena ku Nkhata Bay kupita ku Usisya. Wa ku Blantyre amene ali ndi Loweruka ndi Lamlungu lokha asavutike ndi Ilala, apite ku Cape Maclear. Akumbukire kuti zilumba za kumeneko zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndiye pali ndalama yolowera yapadera.

Pa hayala mikangano yambiri imachokera pa mafuta. Gwirizanani musananyamuke ngati mtengowo ukuphatikiza petulo, maola odikira, ndi ulendo wobwerera wa boti ngati inu mukatsalire kumeneko. Petuloyo muone zigubu zake. Lamulo la oyenda pamadzi ndi kugawa patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwererera, lachitatu losunga, chifukwa kubwerera molimbana ndi mphepo kumadya mafuta ambiri kuposa kupita. Injini zambiri za panyanjapa ndi zosakaniza petulo ndi oilo, ndipo pa muyeso wofala wa 50 kwa 1 chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 400 a oilo. Oilo akachepa injini imatentha n'kugwira. Akachuluka mapulagi amada, injini n'kumazimazima. Petulo wogula m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zimatseka kabureta boti lili pakati. Woyendetsa wodziwa ntchito amakhala ndi mapulagi apadera, sipanala yake, chingwe china cholizira injini ndi mpeni wodulira ukonde ukakulunga pulopela. Mukamufunsa zimenezi n'kukutulutsirani m'kathumba, mwapeza munthu. Injini ikalira yang'anani kumbuyo ngati kamtsinje ka madzi oziziritsa kakutuluka. Kakasiya, azimitse msanga.

Kaya ndi la matola kaya la hayala, nyamukani m'mamawa ndipo mukhale mutakocheza dzuwa lisanapendeke. Usiku nyanja imadzaza nyali za asodzi a usipa ndi maukonde a chilimira, ndipo boti lopanda magetsi silioneka. Uzani wina wa kumtunda kumene mukupita ndi nthawi imene muyenera kufika. Madzi akumwa tengani malita awiri pa munthu pa tsiku, kuwonjezera chipewa ndi chakudya chouma, chifukwa ulendo wa maola atatu ukhoza kutenga tsiku.

Njira zonse zitatuzi zimakulowetsani m'madzi a m'mphepete, ndipo m'malo a bango ndi udzu, pafupi ndi midzi, ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerera ku Blantyre pitani kuchipatala pakatha masabata 6 mpaka 8 mukayezetse, ngakhale musakumva kalikonse. Kumwa mankhwala a likodzo a praziquantel tsiku lomwe mwafika sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, osati zimene zangolowa kumene m'thupi.