Chaka choyamba cha PhD ya strategic management: zimene ndaona

Ndangomaliza kumene chaka choyamba cha maphunziro a PhD mu strategic management (maphunziro a njira zimene makampani amasankha pofuna kupambana pamsika) pa yunivesite ina, ndipo popeza anzanga a kuntchito akhala akundifunsa ngati nawonso alembetse, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zimene ndakumana nazo, zokoma ndi zowawa zomwe.

Ndinalowa ndili ndi zaka zingapo pa udindo wa umanijala, ndipo mumtima ndinkati ndikupita kukatola nzeru zapamwamba zogonjetsera makampani opikisana nawo. Sabata yoyamba yomweyo ndinazindikira kuti ndasochera. Maphunzirowa saphunzitsa munthu kuyendetsa kampani. Amamuphunzitsa kufufuza funso limodzi lakale kwambiri: n'chifukwa chiyani makampani ena amapeza phindu lochuluka kwa zaka zambiri pamene anzawo ogulitsa malonda omwewo amagwa?

Mbali imene ndingaiyamikire mosanyinyirika ndi semina yaikulu ya sabata ndi sabata. Tinkawerenga mapepala a kafukufuku asanu kapena asanu ndi limodzi, ambiri ochokera mu Strategic Management Journal, magazini imene inayamba kutuluka mu 1980. Pulofesa anayala mapepalawa motsatira mmene mkangano unayendera. Tinayambira kwa Ronald Coase, amene mu 1937 anafunsa chifukwa chimene makampani amakhalirapo m'malo moti zonse zizigulidwa pamsika, n'kufika kwa Michael Porter, amene mu 1979 anafotokoza mphamvu zisanu zimene zimachititsa kuti gawo lina la malonda likhale la phindu kuposa linzake. Kenako tinatembenukira kwa Birger Wernerfelt mu 1984 ndi Jay Barney mu 1991, amene ankati chinsinsi chili m'kati mwa kampani, pa chuma ndi luso limene ena sangathe kulikopera. Tsiku lina tinaika pamodzi kafukufuku wa Richard Schmalensee wa 1985 ndi wa Richard Rumelt wa 1991: woyambayo anapeza kuti gawo la malonda limene kampani ili ndilo lofunika, pamene wachiwiriyo, atawonjezera zaka za deta (ziwerengero za makampani zimene ankazisanthula), anapeza kuti kusiyana pakati pa bizinesi ndi bizinesi m'gawo limodzi ndiko kwakukulu kwambiri.

Sindidzaiwala tsiku limene ndinafotokoza pepala la Barney monyadira, ndikupereka zitsanzo za kuntchito kwanga. Pulofesa anadikira mpaka ndamaliza, n'kuvula magalasi, kenako anandifunsa modekha kuti: "Nanga Barney akanakhala kuti walakwa, inuyo mukanaona chiyani mu deta?" Ndinangoti kakasi. Sabata yotsatira tinawerenga Richard Priem ndi John Butler, amene mu 2001 anadzudzula ganizoli kuti limangozungulira pamalo amodzi, popeza chuma chimatchedwa chamtengo wapatali pokhapokha kampaniyo itapambana kale. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwerenga ngati wofuna malangizo.

Kosi ya masamu a kafukufuku nayo inali yolimba, ngakhale kuti inatithyola msana ife amene tinasiyana ndi masamu kalekale. Tinkagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta osanthulira ziwerengero otchedwa Stata ndi R, ndipo vuto limene mphunzitsi ankalibwereza mpaka kutopetsa ndi la endogeneity. Mfundo yake ndi yakuti mamanijala sasankha njira mwachisawawa. Amasankha imene akuona kuti ikuwayenera, choncho kungoyerekeza zotsatira za njira ziwiri kumanyenga. Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ndi kafukufuku wa Myles Shaver wa 1998, wokhudza makampani akunja amene analowa ku United States, ena pogula kampani yomwe ilipo kale, ena pomanga yawoyawo. Poyamba zinkaoneka kuti omanga yawoyawo amakhalitsa, koma ataganizira kuti kampani iliyonse inasankha yokha njira yake, kusiyanako kunazimiririka.

Tsopano zokhumudwitsa. Kafukufuku wa kucheza ndi anthu ndi kuunika kampani imodzi mozama anangomupatsa masabata atatu. Tinawerenga pepala la Kathleen Eisenhardt la 1989 lofotokoza kafukufuku wa mtunduwu, koma palibe tsiku limene tinayeseza kufunsa manijala mafunso kapena kusanthula zimene wayankha. Deta imene yunivesite imalipirira ndi ya makampani amene ali pamsika wa masheya, motero wofuna kufufuza mabizinesi a pabanja, monga ine, amadzionera yekha. Sindikuti aphunzitsi amanyoza kafukufuku wotereyu, koma ndandanda ya maphunziro imaonetsa kumene mtima wawo uli.

Chinandipweteka koposa ndi uyang'aniri. Woyang'anira kafukufuku wanga ndi katswiri weniweni, ndipo akawerenga ntchito yanga ndemanga zake zimakhala zakuthwa ndi zothandiza, koma ali ndi ophunzira ambiri komanso maulendo osatha. Pepala langa la kumapeto kwa chaka linakhala kwa iwo miyezi iwiri, ndipo ofesi ya maphunziro inangondiuza kuti ndilezeko mtima. Amene mukufuna kulembetsa, musanasankhe woyang'anira funsani ophunzira amene ali nawo kale kuti ndemanga zimabwera pakatha nthawi yaitali bwanji, chifukwa zimenezo simudzazipeza pa kabuku kotsatsa maphunzirowa.