TactSuit X40: chovala chomwe chimamvetsa munthu kukhudza kwa mnzake ali kutali

Kampani ya bHaptics ya ku South Korea inapanga chovala chotchedwa TactSuit X40, chomwe chimavalidwa ngati jekete yopanda manja ndipo mkati mwake muli timakina 40 tonjenjemera, 20 kutsogolo ndi 20 kumsana. Chimalumikizana ndi kompyuta kapena chipangizo chovala kumaso monga Meta Quest kudzera pa Bluetooth, kotero palibe chingwe chokola miyendo munthu akamatembenuka.

Ubwino wake umaoneka kwambiri mu pulogalamu ya VRChat, momwe anthu okhala m'mayiko osiyanasiyana amakumana m'chipinda chimodzi cha pakompyuta, aliyense ali ndi chithunzi choyenda chomuimira. Chithunzicho chikakonzedwa kuti chizigwirizana ndi chovalachi, mnzanu akakusisitani kumsana kuchokera m'mapewa kutsikira m'chiuno, timakina timanjenjemera mzere ndi mzere motsatira dzanja lake, moti mumadziwa pomwe lafika musanacheuke n'komwe. Kwa anthu ogwirira ntchito limodzi m'chipinda chotere zimenezi si masewera chabe, chifukwa munthu angathe kukodola mnzake mwakachetechete osadula mawu amene akulankhula.

Komabe wogula adziwe kuti chovalachi chimangonjenjemera basi. Sichikankha thupi ndipo sichichititsa munthu kumva kulemera kwa chinthu, choncho anthu awiri ofuna kuyeserera kunyamula katundu mmodzi sangapindule nacho. Ntchito yotero imayandikirako ndi magolovesi monga SenseGlove Nova a ku Netherlands, omwe amaletsa zala kupindika zikagwira chinthu.

Chomwe chimalamula zonse ndi netiweki, ndipo apa m'pamene ambiri amaweruza chovalachi molakwa. Pa foni, mawu akachedwa ndi mamilisekondi 150 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) anthu amacheza bwinobwino, koma khungu silipirira chotero, chifukwa maso akaona dzanja litafika paphewa kenako thupi n'kumva mochedwa, ubongo umazindikira msanga kuti zinthu ziwirizi n'zosiyana. Choipa kwambiri ndi kuchedwa kosinthasintha, komwe kumachititsa kusisita kumodzi kumveka ngati kugogoda kodukizaduka. Kuchedwaku kumasonkhana panjira yonse: pa Wi-Fi ya mnzanu, pa intaneti pakati pa mayiko, pa Wi-Fi yanu, kenako pa Bluetooth. Popeza Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, pomwe Wi-Fi ya m'nyumba zambiri imadzazanaponso, ndi bwino kusamutsira chipangizo cha kumaso pa 5 GHz ndi kuika rauta (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi) m'chipinda chomwecho, osati kuseri kwa khoma la njerwa.

Chovalachi chinatuluka pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 500, ndalama zosachepa pa chinthu chomwe chimapatsanso thukuta nyengo yotentha. Ndingachiyamikire kwa amene ali kale ndi intaneti yokhazikika komanso anzake amene amakumana nawo kawirikawiri m'zipinda zoterezi, koma amene amadalira mabandulo a pa foni ayambe wakonza kaye netiweki yake asanataye ndalama zimenezi.