Ndemanga: mtolo wa ubweya wa nkhumba wa mamilimita 22 wokonzera burashi yakale yometera ndevu

Mtolowu ndinaugula pa intaneti kuti ndiike pa burashi yakale yopakira thovu la sopo pometa ndevu ya Ever-Ready, imodzi mwa zija zinkapangidwa ku America, yomwe chogwirira chake chikadali cholimba ngakhale kuti ubweya wake unayoyoka kalekale. Ndikuupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi yasowayo yapita chifukwa cha muyeso.

Wogulitsa analemba kuti ndi wa mamilimita 22 m'mimba mwake, koma tsinde lake, pamene ubweya unamatidwa pamodzi ndi guluu wouma, linali lonenepa pang'ono kuposa pamenepo, moti linakana kulowa m'dzenje la chogwirira. Ndinachita kukuza dzenjelo ndi sandipepala wokulungidwa pa kamtengo, pang'onopang'ono kwambiri, poti pulasitiki ya zaka zambiri chonchi sichedwa kung'aluka. Amene akufuna kugula ayambe wachotsa ubweya wakale n'kuyeza dzenje lenilenilo, kenako asankhe mtolo wochepera ndi milimita imodzi kapena awiri. Kuchotsako si kovuta: ubweya umadulidwa ndi lumo mpaka pansi, chotsalacho n'kuchigoba ndi choboolera. Njira yofewetsa guluu ndi nthunzi sindikuilimbikitsa, chifukwa kutentha kumawononga zogwirira zakale.

Chimene wogulitsa sanafotokoze, pomwe ndicho chofunika koposa, ndi kuya kwa mtolo m'dzenje. Ukaulowetsa kwambiri, ubweya wotsala kunja umafupika ndipo burashi imalimba. Ukausiya pamwamba, imayanzika n'kumalephera kutola sopo wouma. Chogwirira changa chinapezeka kuti n'champhako, choncho ndinadzazamo guluu wolimba kwambiri wotchedwa epoxy ndi ndalama zachitsulo zingapo, zomwe zinachipatsanso kulemera kokoma m'dzanja, mpaka ubweya wakunja unatsala pafupifupi mamilimita 55. Mtolo weniweniwo ndinaumata ndi silicone, guluu amene akauma amakhala ngati labala, kuti ukadzatha ndidzathe kuuzula popanda kuswa kanthu, ndipo ndinausiya uume maola 24.

Masiku oyamba ubweyawu unkanunkha khola ukanyowa, komanso unkabaya m'masaya. Fungolo linatha nditautsuka kangapo ndi shampu. Kubayako kumatha pakokha, chifukwa nsonga za ubweya wa nkhumba zimagawanika ukamanyowa ndi kuuma mobwerezabwereza. Tsopano ndikayang'anitsitsa pa kuwala ndimaona nsonga zambiri zili mphanda, zoyera, ndipo zafewa pamene thupi la ubweyawo likadali lolimba. Uyenera kuviikidwa m'madzi ofunda mphindi zingapo usanagwire sopo, apo ayi umamwa madzi a m'thovu n'kulisiya louma.

Unathothoka tiubweya tochepa poyamba, kenako unasiya. Wofuna kufewa kuyambira tsiku loyamba agule wa ubweya wa nyama yotchedwa badger, womwe ndi wokwera mtengo, kapena wa ulusi wochita kupanga. Koma kwa wa ndevu zolimba amene amameta ndi sopo wa m'mbale, uwu ndi wokwanira, bola ayeze dzenje asanaitanitse.