Pulogalamu yophunzitsira akaunti ndi mitengo ya ntchito: mmene yatiyendera chigulireni

Invoisi yowonjezera laisensi yafika, komanso anzanga ena ophunzitsa ku Mzuzu akhala akundifunsa ngati nawonso agule. Ndiye ndiyankhire pano kamodzi. Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi pulogalamu ya pa kompyuta yomwe timaphunzitsira ana a uinjiniya akaunti yoyambira ndi kuwerengetsa mtengo wa ntchito zomangamanga. Tinagula mu 2023 kudzera kwa ejenti wina wa mu Blantyre, ndipo mtengo wake ndi wa m'madola.

Mbali ya akaunti sindikuidandaula. Mwana akalemba debit n'kuiwala credit (mbali ziwiri za akaunti zomwe ziyenera kufanana), imakana kupitirira mpaka akonze. Trial balance (yoonera ngati mbali ziwirizo zafanana) ndi balance sheet (yoonetsa katundu ndi ngongole za bizinesi) zimatuluka zokha. Depreciation, kutsika mtengo kwa makina monga osakanizira konkire akamagwira ntchito, imaoneka bwino chaka ndi chaka. Pali phunziro limodzi lomwe ndimalikonda kwambiri, la kontirakitala amene pa pepala ali ndi phindu koma ku banki kulibe kanthu, chifukwa satifiketi yolipirira yachedwa ndipo mwini ntchito wasunga retention, gawo la malipiro lomwe amaligwira kaye mpaka atatsimikiza kuti ntchito ili bwino. Ana a uinjiniya amabwera akuyesa akaunti ndi ya anthu oopa masamu. Akafika pamenepa amakhala chete, poti ambiri ali ndi achibale amene anasiya ntchito ili pa lintala pa chifukwa chomwechi.

Vuto lili ku mitengo, ndipo silinathe mpaka lero.

Kuchuluka kwa zipangizo imawerengetsa molondola. Konkire ya 1:2:4 (muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale), kiyubiki mita imodzi, imakupatsani matumba a simenti a 50kg opitirira pang'ono 6, mchenga ndi kwale zake zilinso m'malo mwake. Koma mitengo yomwe inabwera nayo ndi ya dziko la eni ake, ndipo antchito imawalipira pa ola. Kuno ndani amalipira bilidala pa ola? Mumapangana pa buloko, pa sikweya mita, kapena pa ntchito yonse, aganyu awo patsiku. Mchenga timagula pa lole, ndipo chomwe chimadula ndi mtunda, osati mchengawo. Choncho ndinatuma ana m'mahadiweya a ku Limbe ndi ku Ndirande kuti akatolere mitengo yeniyeni ya simenti, malata, zitsulo za mu konkire za Y12, misomali, matabwa. Anabwera nayo, tinailowetsa umodzi umodzi m'makompyuta onse a mu labu. Inali ntchito yotopetsa koma anaphunzirapo zambiri, maka poona kuti thumba lomwelo la simenti likusiyana mtengo mashopu oyandikana.

Kenako pulogalamu inadzipanga update usiku, osafunsa munthu. Kutacha mitengo yathu yonse inali itafufutika, ya kunja ija yabwerera. Sinachenjeze n'komwe. Ana anali atatsala pang'ono kupereka BOQ (mndandanda wa ntchito ndi zipangizo, kuchuluka kwake ndi mitengo yake) ya buloko ya makalasi awiri, ndipo gulu lina linapereka osazindikira. Mtengo wawo sukanamanga ngakhale khitchini. Nditawafunsa ngati nambalayo sinawadabwitse, mtsikana wina anati, "Sala, ndi mmene yatulutsira kompyuta." Tsiku limenelo ndinakwiya, osati ndi mwanayo ayi. Chida chomwe tinagula kuti chiwaphunzitse kukayikira nambala chinali kuwaphunzitsa kuikhulupirira. Tinalowetsanso, update ina itabwera zinafufutikanso. Panopa makompyuta a mu labu timawachotsa pa intaneti, koma laisensi imafuna kudzitsimikizira pa intaneti nthawi ndi nthawi, ndiye ukangolumikiza uli pa chiswe.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Mitengo m'mashopu inasintha masiku ochepa okha. Limeneli linali phunziro laulere la chifukwa chomwe kotesheni imafunika tsiku ndi nthawi yomwe ithere mphamvu, komanso chifukwa chomwe kontirakiti imakhala ndi ndime ya kusintha kwa mitengo. Pulogalamuyi ilibe poika tsiku la mtengo, ilibenso poyesera kuti simenti itakwera phindu litsala lingati. Zonsezi ndinaphunzitsa pa Excel ndi choko.

Masiku ena ndimaikonda ndithu. Nthawi ya mayeso a akaunti imandichepetsera ntchito yochonga, ndipo ana amene sanagwirepo leja amaimva msanga. Ndikakumbukira za mitengo zija mtima umabwereranso pomwe unali.

Ejenti uja pogulitsa ankabwera yekha ku ofesi. Nditamuuza za vutoli anati, "Bwana, nkhaniyi taitumiza kwa eni ake." Kuyambira pamenepo uthenga wa pa WhatsApp amawerenga koma osayankha. Waonekeranso tsopano ndi invoisi. M'madola mtengo sunasinthe, koma m'makwacha wakwera molingana ndi mmene ndalama inagwera, kuwonjezera VAT. Akuti tikalipiriratu zaka ziwiri atichotsera pang'ono. Ndamuyankha kuti andilembere kaye kalata yotsimikiza kuti mitengo yomwe talowetsa sidzafufutikanso, ndipo kuti ikafufutika abweza ndalama. Wati afunse kaye mabwana ake.

Ndalangiza akuluakulu a dipatimenti kuti tiwonjezere laisensi ya makompyuta ochepa okha, a phunziro la akaunti, kwa chaka chimodzi. Kuwerengetsa mitengo kubwerere ku Excel, ndalama yotsalayo ipite ku thiransipoti yoti ana azikaona ntchito ku saiti. Inu a ku Mzuzu, ngati mukufunabe, pemphani mwezi woyesera, lowetsani mitengo ya m'mahadiweya akwanuko, ndipo musasaine chilichonse update isanadutsepo.