Windows 10 kapena 11 pa magemu: zimene ndaona pa miyezi 9

Loweruka lapitali alamu anga a ku Katete anandiimbira. "Alamu, inu amene mumakhala ndi zamagemuzi, mwanayu wativuta kuti timuikire Windows 11, akuti 10 inatha ntchito. Tilipire kodi?" Ndili pakati powayankha, talk time yawo inatha. Ndiye ndati ndingolemba zonse, ena mwina muli ndi funso lomweli.

Kompyuta yanga ndinaigula mu March kwa munthu wina wogulitsa makina akale ochokera kunja, m'tauni mommuno. Ndi Core i5-8500, khadi la zithunzi la GTX 1050 Ti, RAM ya 8GB ndi SSD, imene ndi disiki yosungiramo Windows ndi magemu. Pa mtengo anawonjezerapo K300, akuti "poti iyi ili ndi 11, bwana, magemu amathamanga." Ndinaiika m'kashopu kanga ku Mchini, mu Chipata muno, kumene anyamata amalipira K5 kuti amenye gemu imodzi ya mpira. Ndinali ndi SSD ina yotsala, ndiye ndinaikamo Windows 10, moti makina omwewo ndimatha kuwayatsa mbali iliyonse imene ndafuna.

Zoyenda bwino sindichedwa nazo. Mapadi amagwira mukangolumikiza, ku 10 ndi ku 11 komwe. Game Mode ili konsekonse. Auto HDR, yowalitsa mitundu ya chithunzi, imene amaitamira 11, imafuna sikirini ya HDR, pomwe ine ndimagwiritsa ntchito TV imene inali pabalaza kunyumba. DirectStorage, yothandiza gemu kulodi msanga, imapindulira amene ali ndi SSD yothamanga ya mtundu wa NVMe, ndipo magemu oigwiritsa ntchito ndi owerengeka.

Nanga liwiro? GTA V ndi FIFA 23 ndazisewera mbali zonse ziwiri, masana amodzi, masetingi osasintha. Kanambala kapakona ka FPS, kosonyeza zithunzi zotuluka pa sekondi, kamasuntha pang'ono, koma diso silitha kugwira kusiyanako. Chimene ndinaona poyamba n'chakuti pa 11 chithunzi chinkadodoma mpira ukafika pagolo, anthu atachuluka m'bokosi. Zinthu ziwiri zinathetsa zimenezo. Choyamba ndi Memory integrity, imene mumaipeza mu Windows Security, pansi pa Device security, kenako Core isolation. Ndi chitetezo, ndipo chimadyako mphamvu ya purosesa. Eni ake a Microsoft mu 2022 analemba okha kuti osewera magemu angathe kuchizimitsa. Ine ndinazimitsa chifukwa pa makina awa sindichitapo za banki. Chachiwiri ndi RAM ina ya 8GB imene ndinawonjezera. FIFA 23 imayamba ndi 8GB, koma eni ake amalimbikitsa 12GB, ndipo Windows 11 imakhala itadya kale gawo lalikulu gemu isanatsegulidwe. Nditaika yachiwiriyo, kusintha kunaoneka ku 10 ndi ku 11 komwe, kuposa chilichonse chimene kusintha Windows kunandipatsa.

Koma imene inandidyetsa ndalama ndi nkhani iyi.

Patangotha milungu itatu, m'mawa wina FIFA inakana kutseguka pa 11. Inangolemba kuti Secure Boot, chitetezo chimene chimagwira ntchito kompyuta ikamayaka, siyoyatsa. Anyamata anayi ali pabenchi, ma K5 awo ali m'manja. Ndinayatsa mbali ya 10, gemu n'kutseguka bwinobwino. Pambuyo pake ndinamva kuti pulogalamu yoletsa kubera ya gemuyi imafuna Secure Boot mukakhala pa Windows 11, pomwe pa 10 siifunsa. Gemu ya Valorant nayonso pa 11 imafuna Secure Boot ndi TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo ka mu kompyuta. Tsiku limenelo sindinkadziwa zimenezi. Ndinamanga kompyuta pa kabaza mpaka kwa wogulitsa uja.

Anaiyang'ana pang'ono n'kupukusa mutu. "Windows yakorapta iyi, bwana. Ifunika kufomata." K150. Madzulo ndinaitenga ikugwira ntchito, koma magemu onse atafufutika, ndipo FIFA 23 yokha imafuna malo okwana 100GB. Amene mumagula bando mukudziwa ululu wake. Mwayi ndinali ndi kope pa hard drive ina, koma ma update ndiye anameza bando ya mwezi wonse pa masiku awiri. Mwa njira, muziyatsa Metered connection, yochepetsa bando imene Windows imadya yokha, pa Wi-Fi ya foni yanu, apo ayi Windows iliyonse idzakumalizani.

Patatha milungu iwiri, vuto lomwe lija. K150 ina. Kachitatu ndinakwiya, ndinachotsa waya wa SSD ya 11 n'kulumbira kuti ndikhala pa 10 mpaka makinawa adzafe. Mukanandifunsa mu June, ndikanakuuzani kuti Windows 11 ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinkauza aliyense wolowa m'shopu, ngakhale amene anangobwera kudzatchajitsa foni.

Amene anandiululira ndi mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi msika wa Kapata, amene amabwera Lamlungu kudzamenya mpira. Anafika m'mawa ndikuyatsa kumene. Pa sikirini yakuda panatuluka timawu toyera, ine n'kudina F1 monga mwa masiku onse, osawerenga n'komwe. Iye anati, "Achimwene, taimani kaye. Chimenecho mumadina tsiku lililonse?" Ndinati ayi, pokhapokha malaiti akapita usiku, kapena ndikazula pulagi poopa kuti angabwere ndi mphamvu n'kuotcha zinthu. Anandiuza kuti ndiyang'ane wotchi ya pakona. Deti linali la zaka zam'mbuyo. Nthawi zonse linkadzikonza lokha ndikalumikiza intaneti, n'chifukwa chake sindinkalilabadira.

Tinatsegula chivundikiro. Pa motherboard pali kabatire kathyathyathya konga khobidi, kolembedwa CR2032, ka 3 volts. Ntchito yake n'kusunga nthawi ndi masetingi a BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanayake, makina akakhala opanda moto. Kanga kanali katafa kalekale. Malaiti akapita, BIOS inkaiwala zonse n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale, ndipo pa makina angawa Secure Boot inkazima nayo. Windows 10 sinkasamala, gemu inkatseguka. Pa 11 inkakana. Wogulitsa uja akatenga K150 yanga ankayatsanso Secure Boot, zimene sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe, kenako n'kufufuta zonse kuti zioneke ngati wagwira ntchito yaikulu. Kapena nayenso sankadziwa. Mtima wa munthu sindinauone. Kabatire katsopano ndinakagula K20 kwa bambo wogulitsa mawotchi. Kuyambira July sindinadinenso F1.

Ndiye alamu, yankho langa lero ndi lofewa kusiyana ndi la mu June. Windows 10 sinafe. Chimene chinatha pa 14 October 2025 ndi ma update achitetezo aulere a nthawi zonse, ndipo Microsoft inakhazikitsa dongosolo la ESU lopitiriza ma update achitetezowo mpaka October 2026. Kompyuta ya mwanayo idzayaka mawa ngati dzulo. Koma tsiku lidzafika lakuti magemu atsopano adzaisiya, monga Steam, pulogalamu yogulira magemu pa intaneti, inasiyira Windows 7 ndi 8 pa 1 January 2024. Yang'anani purosesa. Ngati ndi Intel ya 8th gen kupita m'tsogolo ndipo ili ndi TPM 2.0, kupita pa 11 n'kwaulere bola Windows 10 yanu ikhale yovomerezeka. Mudzangogula bando, ndipo muli ndi masiku 10 obwerera ngati simunaikonde. Ngati ndi yakale kuposa pamenepo, munthu n'kukuuzani kuti aikakamiza pa mtengo wakuti, ndalamayo mugulire RAM. Ine masiku ano ndimayatsa 11, osati poti imathamanga kwambiri, koma ndatopa kusamala ma Windows awiri.

Kwa wogulitsa ndinapitako nditanyamula kabatire kakufako m'kapepala. Ndinakaika patebulo n'kuwerengera: K300 ya dzina la 11, K300 ya kufomata kawiri, osawerengera kabaza ndi masiku amene benchi inakhala yopanda munthu. Anakatembenuza ndi chala, n'kuseka, akuti zinthu zasekondi sizikhala ndi gerenti ya batire. Ndinapempha theka lokha. Anati ndibwere mwezi ukatha katundu akalowa kuchokera ku Lusaka. Miyezi yatha inayi. Ulendo womaliza anandipatsa mausi ndi waya wa HDMI, ndipo wayayo ndi wamfupi, safika pa TV.