Anaperewera masentimita atatu

Amene munayamba sukulu nthawi yathu mukukumbuka mmene aphunzitsi ankatilandirira mu Sitandade 1. Za chaka chobadwa sankafunsa, popeza makolo ambiri sankasunga. Ankangoti dutsitsa dzanja pamwamba pa mutu ugwire khutu la mbali inayo. Ukaligwira walowa, ukalephera pita ukayambe wakula. Ine anandibweza kawiri, ndipo ndinkayesa kuti zoterezi zinatha kalekale. Ndadzazionanso kuno ku Joni mu December wa 2025, wobwezedwayo ali mwana wanga.

Ndiyambe ndi mmene banja lathu lilili, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndinachoka ku Mangochi mu 2014 mnyamata wathu woyamba ali wakhanda. Mayi ake ananditsatira kumayambiriro kwa 2016, mwana n'kumusiya m'manja mwa anganga ake, apongozi anga, kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, njira yopita ku Malindi. Tinkati tikamutenga chaka chamawa. Chaka chamawacho chinafika mu 2025, atangotuluka ku jando mu August. Pakatipa tinabereka mtsikana konkuno ku Johannesburg kumapeto kwa 2016. Ndiye pa tsiku limene ndikukambali mnyamata anali ndi zaka 11, mlongo wake 9.

Abwana atatipatsa kangachepe ka kumapeto kwa chaka, ndinati ana awa akaoneko zimene anzawo amakamba kusukulu. Tinakwera minibasi kuchoka ku Mayfair kupita ku paki ina yamasewera. Mtengo wa tikiti sinditchula, mungati ndinapenga. Kwa amene simunaonepo malo otere, ganizani za bwalo lalikulu lodzaza ndi akatungwe a makina, chigudumu chachitali chokhala ndi mipando, timagalimoto togundana, ndi sitima zazing'ono zoyenda pa njanji yopindikapindika m'mwamba. Ina mwa sitimazo imakuzondotsa mutu pansi miyendo kumwamba, anthu akukuwa ngati aona njoka m'nyumba. Mnyamata wanga atangoiona anati, "Ababa, ine imeneyo." Mwana wa kunyanja, wozolowera bwato pa mwera, sankaona choopsa chilichonse.

Tinaima pamzere pafupifupi ola lathunthu, dzuwa lili pamutu. Pakhomo polowera panali chitsulo choimika chokhala ndi kamtanda pamwamba, pambali atalemba 1.3 m, ndiye kuti masentimita 130. Mwana aliyense amaima pamenepo. Mutu ukagunda kamtandako walowa. Mtsikana anaima, mutu unagunda, mayi wapakhomoyo anamukodola kuti adutse. Mnyamata anaima, ndipo pakati pa mutu wake ndi kamtanda panatsala mpata wolowa zala zanga ziwiri. Iye anazindikira msanga, n'kukweza zidendene. Mayi uja anaseka pang'ono, osati monyoza, n'kumugwira pamapewa kumutsitsa. Mpata uja unabwerera.

Pamenepo ndinayamba kuvuta, ndivomere. Ndinati wamkulu ndi uyu, amene mwamulowetsayo ndi mng'ono wake, pasipoti iyi onani chaka. Chingerezi changa chikatentha chimasakanikirana ndi Chizulu cha pamsika, moti a pamzere ena anayamba kuseka. Mayiyo sanakweze mawu. Anandiyankha kuti mpando sudziwa zaka za munthu, umadziwa msinkhu. Kenako analoza mipando ya sitimayo kuti ndione ndekha.

Mwanayo anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Ababa, auzeni kuti ine ndinavinidwa." Mawu amenewa mpaka lero amandilasa. Kwathu mwana akatuluka kundagala timamuuza kuti wakula, tsopano ndi mwamuna. Iye anakhulupirira zimenezo, ndipo patangopita miyezi inayi chitsulo cha eni ake chinamuuza zina pamaso pa mlongo wake. Mtsikana anabwerera n'kuti, "Achimwene, inenso sindikwera." Iye anangoti, "Pita iwe." Anatsala atanyamula kachikwama ka mlongo wake, akuyang'ana m'mwamba.

Ndili chiimire pamenepo ndinayamba kuonetsetsa mipando ija, mkwiyo n'kumatsika. Munthu akakhala, chitsulo chokutidwa ndi mphira chimatsika kuchokera kumbuyo n'kumupana pamapewa ndi pachifuwa, china chimagwira pantchafu. Chinapangidwa poyerekeza thupi la msinkhu wakutiwakuti. Mwana akachepa, mapewa ake safika pomwe chitsulocho chimagwira, pamatsala mpata, ndipo sitima ikazondoka kapena kukhota mwamphamvu thupi limatha kutsetsereka. Mutu nawonso umayenera kutsamira pamalo pake, apo ayi umamenyetseka m'mbali. Nambala imene amalemba pakhomo siiganiziridwa ndi wapakhomoyo, imachokera kwa amene anapanga makinawo, n'chifukwa chake chokwera chilichonse chili ndi yakeyake. Zina zimalola mwana wamfupi bola akhale ndi wamkulu pambali. Zina za tiana zimakaniza amene watalika kwambiri. Ife amene tinakula tikukwera matola, anthu 20 kumbuyo kwa kagalimoto kamodzi pamodzi ndi mabasiketi a usipa, timaona ngati lamulo lililonse lili ndi pokambirana. Apa panalibe, ndipo nditaganiza bwino ndinakondwa kuti panalibe.

Mnzanga wina wa ku Namwera, nditamufotokozera, anandiseka kuti ndine mlendo. Akuti ukanamugulira nsapato za zidendene zokhuthala n'kuikamo mapepala, kapena ukanapita m'mawa kwambiri. Za m'mawazo n'zoona ndithu: munthu amadzuka ali wotalikirapo pafupifupi sentimita imodzi, chifukwa timinofu ta pakati pa mafupa a msana timafinyika tsiku likamapita. Koma za mapepalazo ndinakana. Unganamize wapakhomo, koma mapepala a mu nsapato satalikitsa msana, ndipo chimene chitsulo chija chimagwira ndi mapewa. Langizo langa kwa amene mukubweretsa ana patchuthi ndi losavuta. Bwerekani tepi kwa telala, muimike mwana kukhoma wopanda nsapato, muyeze musanalipire. Malo ambiri otere amalemba miyezo yawo pa intaneti ndi pachikwangwani cha pageti. Mwana adziwiretu zimene akwere ndi zimene sakwera, asakamvere pamzere.

Tsikulo silinawonongeke lonse. Anakwera timagalimoto togundana kanayi, anakwera chigudumu n'kuona nyumba zitalizitali za m'tauni ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Koma pobwerera sanalankhule.

Usiku ana atagona tinatenga tepi ya mayi awo, amene amasoka, n'kuyang'ana zimene tinalemba pachitseko madzulo: mtsikana 133, mnyamata 127. Mayi awo anatsegula sutikesi n'kutulutsa timabuku tiwiri ta kusikelo. Ka mnyamata kanabwera naye kuchokera kumudzi, kothimbirira, kokutidwa ndi pepala la shuga. Chaka choyamba mzere wake unkakwera bwinobwino. Kuyambira 2016 unagona, ndipo miyezi ina panalibe cholembedwa n'komwe. Tinakhala chete nthawi yaitali.

Mukukumbuka zaka zimenezo. Mu January 2015 madzi osefukira anakokolola minda m'maboma ambiri, Mangochi ali momwemo. Chaka chotsatira mvula inadula, ndipo mu April 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu ankagona pa misika ya ADMARC kudikira chimanga. Miyezi yomweyo ndi imene mwana wathu analekezedwa bere mwadzidzidzi, mayi ake atakwera basi. Apongozi anga sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Anali ndi zidzukulu zinayi pakhomo, atatu mwa iwo makolo awo ali kuno, ndipo anachita zimene akanatha: phala la ufa woyera la mchere m'mawa, nsima ndi masamba madzulo.

Mlandu ndi wanga. Ndalama ndinkatumiza, ndipo ndili ndi mbiri yabwino kumudzi chifukwa cha zimenezo. Koma ndikaimba foni ndinkafunsa chiyani? Njerwa zawotchedwa? Malata afika angati? Simenti musaike pansi ichita chinyezi. Sindikumbuka tsiku limene ndinafunsa kuti mwana wadya chiyani lero. Ndinkafuna kuti podzabwera pa Eid anthu adzaloze nyumba n'kunena kuti uyu sanapite ku Joni kukasewera. Nyumbayo ilipo, ya malata 42, mwaiona. Nkhuku zinalipo pakhomo, koma mazira ankasungira kuti aswe kapena kugulitsa kuti apeze sopo. Nyanja ili pamtunda wa mphindi zochepa, koma usipa wabwino umakwera galimoto kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo chambo cha ku Malombe chimene makolo athu ankadya ngati ndiwo wamba chinasowa kale. Mwana wa m'mbali mwa nyanja n'kumakula osalawa nsomba sabata yathunthu.

Sabata yotsatira tinapita naye kukiliniki. Namwino anamuyeza, anayezanso ine ndi mayi ake, popeza ufupi wina ndi wakumtundu, ndipo ine si wamtali. Anatiuza kuti si mwana wamfupi aliyense amene ndi wopinimbira. Koma anationetsa tchati cha bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, pomwe mnyamata wa zaka 11 wapakatikati amakhala pafupifupi masentimita 143, ndipo wathu anali pansi pa mzere wotsiriza. Anafotokoza zimene alangizi a zaumoyo amanena kusikelo kwathu, zimene ine ndinkaziyesa nkhani za azimayi: masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi amene amaika maziko a msinkhu. Mwana akasowa chakudya choyenera nthawi imeneyo, kapena akamadwaladwala malungo ndi kutsegula m'mimba, zimene wataya n'zovuta kuzibweza zonse. Anatilimbitsa mtima kuti akadali ndi zaka zokula kutsogoloku, makamaka akamatha msinkhu, ndiye adye bwino.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene vutoli linali lalikulu kwambiri. Kafukufukuyo anachitika nthawi imene mwana wanga anali ndi chaka chimodzi. Chimene chimapusitsa n'chakuti kumudzi sizioneka. Anzake onse a mpira anali a msinkhu womwewo, ndiye tikaona zithunzi pa WhatsApp tinkati akukula bwino. Zinatengera kumuimika pambali pa mlongo wake wa bere limodzi, amene anakulira mazira, mkaka ndi chiponde cha m'botolo, kuti maso athu atseguke.

Agogo anga aamuna anagwirako ntchito m'migodi ya kuno nthawi ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi, Kamuzu asanaletse ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Ankatiuza kuti asanakulembe ankakuvula malaya n'kukukweza pasikelo, wopepuka ankabwerera kumudzi. Ndinkaseka nkhani imeneyo ndili mwana. Pa chitsulo chija ndinaikumbuka, ndipo sinandiseketse.

Mlamu wanga, mng'ono wa mayi a ana, ali ndi pakati kumudziko, mwamuna wake ali ku Durban. Mwezi watha potumiza ndalama ndinaimbira apongozi n'kuwapempha kuti gawo lina likhale la mazira, nsinjiro zothira m'phala la mgaiwa, ndi usipa woti azisinja. Anaseka n'kuti, "Akamwini, mwayamba liti kulowerera za kukhitchini? Ndipo mazira kwa munthu woyembekezera, mukufuna mwana adzabadwe wopanda tsitsi?" Ndinati amayi, tsitsi limamera. Ndinawafotokozera za chitsulo chija, za zidendene, za mawu amene mdzukulu wawo anandinong'oneza. Mbali inayo kunangoti zii, mpaka ndinayesa kuti mayunitsi atha. Kenako anati, "Ndinkamupatsa zimene zinalipo." Ndinati ndikudziwa amayi, amene sanafunse ndine.

Mnyamatayo tsopano amandidzutsa Lamlungu lililonse m'mamawa, tepi ili m'manja, chifukwa anamva zoti m'mawa munthu amatalikirapo. Amaima pachitseko, mlongo wake n'kuika buku pamutu pake, ine n'kulemba ndi pensulo. Mlongo wakeyo ndi wokhwima kuposa mayi wapakhomo uja, amayang'ana zidendene kaye. Sabata yathayi panali 128 ndi kachidutswa. Wandiuza kuti tsiku lobwererako ndisadzatenge pasipoti.